Seva Yosadziwa Kukana

Lachinayi usiku ku Cluj.
Chipale chofewa chikukwirira njanji za tramu,
ndipo Ilinca Bârsan watsala yekha pansanjika yachitatu,
khofi atazizira kalekale m'kapu yosweka chogwirira.
Pansi pa mapazi ake, m'chipinda chozizira ngati mochale,
seva ikung'ung'udza,
yafungatira mayina a odwala zikwi makumi anayi.

Palibe wathyola loko.
Palibe waboola khoma.
Chilema chake n'chaulemu wopyola muyeso:
mlendo akagogoda, nati,
"Kalata yangayi ili ndi mawu chikwi, ndibwezereni,"
pomwe mawuwo ndi atatu okha,
iyo siwerenga. Imangovomera.
Imatola atatuwo, n'kuona kuti thumba likadali lopepuka,
manyazi n'kuigwira,
n'kuyamba kusesa pansi
nyenyeswa za amene anadutsa posachedwa,
kuti mlendo asabwerere chimanjamanja.

Ilinca wayesa yekha, zala zikunjenjemera.
Wagogoda ngati mlendo, wanama kutalika kwa kalata.
Sikirini yalavula zinyalala,
zilembo zopanda mutu,
kenako pakati pake, mbee:
theka la pasiwedi,
tsiku lobadwa la munthu wa mu Epulo,
"...oara, zaka 34, zotsatira zamagazi zasonyeza kuti ali n"
basi, chiganizo chaduka pomwepo
ngati munthu amene wagwidwa pakamwa.

Wagogodanso.
Msewu wa Fântânele, nambala yadyeka.
Dzina la mankhwala
amene munthu sauza ngakhale mchemwali wake.

Kachitatu sanagogode.

Foni ya Tiberiu yalira kasanu asanayankhe.
Mawu ake ali ndi tulo m'kati:
"Tikonza Lamlungu, nthawi yokonza ndi imeneyo.
Ndani angadziwe za kabowo kotere?"
Ilinca wayang'ana buku la alendo la seva,
mizere yoyera, yaudongo,
aliyense wolowa walembedwa bwinobwino.
Koma wogogoda salowa.
Amaima pakhonde, n'kulandira, n'kupita.
Bukulo silimudziwa.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo
wina wake, kumzinda wina, mwina atangodya nkhomaliro,
analemba mzere umodzi
n'kuiwala kufunsa funso limodzi:
kodi zimene wanenazi n'zoona?
Mwina mwana wake ankadwala tsikulo.
Mwina lero amalima tomato kuseri kwa nyumba
ndipo amagona tulo tabwino.
Ilinca sakumuda.
Iyenso anaiwalapo kutseka gasi.

Nthawi ili 2:40.
Wazimitsa khomo loyang'ana kunja popanda chilolezo,
walemba dzina lake pansi pa chosankhacho.
Chigamba chake n'chaching'ono zomvetsa chisoni,
mawu osakwana kudzaza chikhatho:
yeza kaye, usanapereke.
Seva yadzuka, yang'ung'udzanso monga kale,
yosadziwa kuti inali ndi mlandu.

Koma madzi akatayika saoleka.
Zaka zisanu ndi zinayi khonde lili pululu,
ndani anabwera? Kangati?
Mwina palibe.
Mwina wina, kutsidya kwa nyanja zitatu,
ali ndi thumba lodzaza ziganizo zodukaduka,
akuzilumikiza pang'onopang'ono ngati mbale yosweka,
kufuna kuona nkhope.

M'mawa, mu tramu yopita ku Mănăștur,
magalasi achita nthunzi ndi mpweya wa anthu.
Bambo wachipewa chaubweya akuwodzera.
Mtsikana akudya buledi wa m'pepala.
Mayi wina wa zaka ngati makumi atatu ndi zinayi
wagwira chitsulo ndi dzanja limodzi,
linalo lili m'thumba la jasi, lafumbata kanthu.

Ilinca watsitsa maso.
Akudziwa theka la chinsinsi cha munthu wina mumzinda uno,
ndipo theka limenelo likulemera
kuposa laputopu ili pamsana pake.
Mayiyo watsika pa siteji ya kumsika,
mapazi ake akusiya zizindikiro m'chipale,
chipale n'kumazifufuta,
mwaulemu, osafunsa kanthu.